Chomwera tiyi kwa odwala celiac: ufa wa m'paketi, zitumbuwa za pamsika, kapena zakumunda?

Anzanga a kuno ku Luchenza akamva zoti madokotala anandipeza ndi matenda a celiac, amayamba kundimvera chisoni ngati kuti ndaletsedwa nsima. Nsima ilibe vuto. Gluten, chinthu chomwe chimawononga khungu la mkati mwa matumbo aang'ono a ife odwala celiac mpaka thupi kulephera kuyamwa chakudya, amapezeka mu tirigu, balere ndi rye, mbewu ina yofanana ndi tirigu. Chimanga, mpunga, mapira, mawere ndi chinangwa mulibe. Nkhani imavuta m'mawa, chifukwa dera lino timamwa tiyi, ndipo tinazolowera kumwera buledi, sikono kapena mandazi, zonse za fulawa. Ndiye funso lomwe ndimafunsidwa kawirikawiri ndi lakuti tiyiyo ndimamwera chiyani. Njira zilipo zitatu ndipo zonse ndinadutsamo.

Yoyamba ndi ufa kapena buledi wa m'paketi wolembedwa gluten-free (kutanthauza wopanda gluten), amene amapezeka m'masitolo akuluakulu a ku Blantyre. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu: mawu amenewa ali ndi muyezo. Malamulo a Codex, omwe ndi miyezo ya zakudya yomwe mayiko anagwirizana, amati chakudya chotchedwa choncho chisapitirire mamiligalamu 20 a gluten pa kilogalamu imodzi, ndiye munthu umadya mtima uli m'malo. Vuto ndi thumba. Zambiri zimachokera ku South Africa, mtengo wake ndi wolasa, ndipo muwonjezerepo ya minibasi yopita ku Limbe ndi kubwerera. Mwina mukafikanso n'kupeza katunduyo anatha mwezi wathawu. Mukawerenga kuseri kwa paketiyo mupeza kuti ndi ufa wa mpunga, wa chimanga ndi tapioca, yemwe ndi chinangwa chomwechi. Ine ndimaugula pokhapokha pakakhala keke ya tsiku lobadwa la mwana.

Yachiwiri ndi imene ndili nayo chakukhosi: zitumbuwa ndi chigumu za pamsika. Poziganizira zimaoneka ngati yankho lenileni. Chitumbuwa ndi nthochi zakupsa ndi ufa wa chimanga, chigumu ndi mgaiwa, soda ndi shuga, mtengo wake mwana wa sukulu amakwanitsa. Ndinkagula kwa mayi ena omwe ndinawafunsa maso ndi maso ngati amathiramo fulawa, iwo anati ayi. M'mimba munayambanso kutupa, kutsegula kunabwerera, ndipo kufooka kuja komwe kunandipititsa kuchipatala ndi vuto la kuchepa kwa magazi kunayamba kundizembera. Tsiku lina ndinalawirira, ndinawapeza akukanda. Pambali pa beseni panali kapaketi ka fulawa. "Timangothira pang'ono kuti zigwirane," anatero, osaona cholakwika chilichonse.

Chimene chimandipweteka n'chakuti kwa iwo pang'ono ndi chimodzimodzi ndi kusathira konse, pomwe kwa wodwala celiac nyenyeswa zokha zimakwanira kuyambitsanso zilonda m'matumbo. Ndipo si iwo okha. Chiyambire pamene matenda a chisaka anapululira nthochi za ku Thyolo, nthochi zinakwera mtengo, ndipo ophika ena amachepetsa nthochi n'kumangira ndi fulawa. Ngakhale atapanda kuthiramo, taonani chiwayacho. Mafuta omwe atulutsamo mandazi ndi omwewo aponyamo zitumbuwa, chipande ndi chomwecho, beseni logulitsiramo ndi limodzi. Moto supha gluten, chifukwa si kachilombo. Chipisi cha pachiwaya nachonso muzifunsa ngati m'mafutamo simunalowe nkhuku yopakidwa fulawa. Mtengo weniweni wa chitumbuwa chotchipacho unali masiku osagwira ntchito ndi ndalama zobwereranso kwa dokotala. Sindigulanso, ngakhale wogulitsa alumbire.

Yachitatu ndi zakumunda, zophika wekha. Mbatata yowiritsa kapena futali wa nsinjiro, chinangwa chokoma, maungu, zilazi, chimanga chachiwisi nyengo yake, phala la mgaiwa kapena la mpunga. Apa ndikondera poyera, chifukwa ndine mwana wa Alhomwe ndipo ndinakulira makaka ndi nandolo. Anthu amaseka makaka kuti ndi chakudya cha nthawi ya njala, koma mbale imodzi imakufikitsa masana osamva kanthu, ndipo nandoloyo amabweza zomanga thupi zomwe chinangwa chilibe. Izi n'zofunika kwa munthu amene matumbo ake akuchira kumene. Mukasowa chofewa, sakanizani ufa wa chinangwa ndi mgaiwa, nthochi ndi dzira, muphike chigumu chanu pambaula, makala pansi ndi pamwamba. Chinangwa chimamata, ndiye chimagwira ntchito yomwe mayi aja ankafunira fulawa. Sichifufuma ngati buledi ndipo chikagona chimauma, koma mukudziwa chilichonse chomwe chalowamo. Kuchigayo sindidera nkhawa kwambiri popeza kuno sitigayitsa tirigu. Thobwa la chimera cha mawere kapena mapira ndimamwa bwinobwino.

Njirayi imadya nthawi ndi makala, komanso imafuna kuti banja lonse limvetse. Kwathu ana amadyabe buledi, choncho ndili ndi mpeni wanga, sefa yanga ndi kachitini kanga ka majarini komwe mpeni wa buledi sulowamo. Zokometsera ndiwo za m'mapaketi, supu waufa, soseji ndi nyama ya soya ndimawerenga kaye zolembedwa, chifukwa tirigu amabisala m'menemo.

Kwa amene mukungodzikayikira kuti mwina muli ndi matendawa, musasiye buledi musanayezedwe. Kuyeza magazi ndi kuunika matumbo kumafuna kuti mukhale mukudyabe gluten, apo ayi zotsatira zimatha kutuluka zabwino muli odwala. Kwa amene mwapezeka nawo kale, pitani ku Bvumbwe kapena ku Chitakale tsiku la msika mukagule mbatata ndi nandolo, zokazingakazinga zija muzidutse.