Shopu ya ku Malangalanga ndaipatsa nyenyezi zitatu, zonsezo n'za bambo wa kuseri kuja

Makina anga otchetchera kapinga ali ndi injini ya Briggs & Stratton, ndipo andidyetsa zaka 8 m'mipanda ya anthu ku Area 47. Chaka chino anayamba kufuka utsi wabuluu, oyilo kumatha msanga, pulagi kumatuluka yakuda bii. Ndinadziwa kuti maringi, timphete ta pa pisitoni toletsa oyilo kulowa popsa mafuta, atha. Kenako mu Januwale mpeni unagunda chitsa chobisika mu udzu, injini n'kuzima pomwepo. Ndikati ndikoke chingwe cholizira injini, chinkandibweza mpaka dzanja kuchita dzanzi.

Ndinapita nawo ku shopu ina ku Malangalanga. Mnyamata wa pa kauntala sanawerame n'komwe. Maso ali pa foni, akuti, "Bwana, iyi yafa, gulani ina." Anandigulitsa injini ya ku China. Ndinafunsa kawiri ngati ikwane, iye akuti zonse n'chimodzimodzi. Kufika kunyumba mabawuti analowadi, koma shafiti yake inali yaitali. Mpeni unatsika kwambiri, n'kumapala dothi ndi kugenda timiyala. Nditabweza anakana, akuti ndathiramo kale oyilo. Oyilo wondigulitsa yekha! Masiku anayi ndinali pa chikwakwa, mvula ili mkati, makasitomala awiri n'kundithawa. Mnyamata ameneyo sindinamukhululukire.

Wondipulumutsa ndi bambo wachikulire amene amakonza zinthu kuseri kwa shopu yomweyo. Atamva ndikukalipa anatuluka akupukuta m'manja. "Achimwene, tabweretsani yakale ija." Anamasula nati ya fulaiwilo, chigudumu chozungulira pamwamba pa injini, n'kundionetsa pachikhatho kachitsulo konga njere ya chimanga, koduka pakati. Anati kiyi ameneyu amamupanga wofewa dala kuti aziduka mpeni ukagunda chinthu, shafiti ipulumuke. Akaduka, moto wa pulagi umabwera pa nthawi yolakwika, n'chifukwa chake chingwe chimabweza. Anaika kiyi wina, anasintha maringi, anatsuka kabureta. Atakoka kachiwiri inalira. Ndi iwonso amene analankhula ndi eni shopu mpaka injini yatsopano ija inabwerera pa shelefu, ngakhale anandidulako ndalama pang'ono.

Sanandinamize ayi: anati silinda yayamba kukalika mkati, ndingoyembekeza dzinja limodzi kapena awiri. M'mawa kautsi kamaonekabe, koma ikatentha kamatha.

Mukapitako, pa kauntala ingodutsanipo, funsani bambowo. Ngati mukugula injini ina, nyamulani yakale muyerekeze mashafiti pomwepo musanathire oyilo.