Ndemanga yanga pa BMW E46 330i yogula kwa mwini wakale

Ndaipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Pa kayendedwe pokha ikanatenga zonse zisanu. Imodziyo ndachotsa chifukwa ndi galimoto yokalamba, yofuna kuti mwini wake aziyang'ana pansi pa boneti kawirikawiri, ndipo si aliyense amene angakwanitse zimenezo.

Ndinkafuna galimoto ya ku Ulaya yoti ukaponda moto iyankhe nthawi yomweyo, koma ndalama zanga zinali zowerengeka. Amene munasakapo galimoto zamtunduwu mukudziwa momwe mtima umakokera. Pa ndalama zomwezo umapeza BMW 335i yoyambirira, ya injini ya N54 yokhala ndi ma turbo awiri, ya mphamvu ya 306 PS. Pena umapezanso M3 ya E46 yomweyi (E46 ndi dzina la m'badwo umenewu wa BMW 3 Series), ya 343 PS, itatsitsidwa mtengo modabwitsa. Zonsezi ndinaziyang'ana ndi maso a chilakolako. Koma 335i imadziwika ndi vuto la pampu yokankha petulo mwamphamvu, ma injector ake ndi okwera mtengo, ndipo ma turbo akakalamba ntchito yake si yamasewera. M3 yotsika mtengo ndiyo imandiopsa kuposa zonse, chifukwa mwini wake amadziwa chimene akuthawa, kaya ndi ma bearing a m'kati mwa injini kaya ndi VANOS, makina osintha nthawi imene mavavu a injini amatseguka. Ndikanagula imodzi mwa izi ndalama zonse zikanathera pa kugula, n'kukhala wopanda kanthu tsiku limene chinthu choyamba chawonongeka.

Imene inatsala pang'ono kundikopa ndi Volkswagen Golf GTI ya m'badwo wachisanu, imene inatuluka mu 2004. Ili ndi 200 PS, ndi yopepuka, ndipo kumbuyo kwake kumalowa katundu wambiri. Ndi galimoto yabwino, sindingainyoze. Ingofunika kuti wogula afufuze ngati lamba wa timing, woyendetsa mavavu a injini, anasinthidwa pa nthawi yake, ngati kachitsulo kotchedwa cam follower ka pa pampu ya petulo sikanaperepeseke, ndiponso ngati oyilo wa giya yodzisintha yokha ya DSG ankasinthidwa pa makilomita 60,000 aliwonse. Zimene ndinakaona zinalibe mapepala otsimikizira zimenezi. Chinanso n'chakuti GTI imakoka ndi mawilo akutsogolo, pamene ine ndinkalakalaka galimoto yokankha ndi akumbuyo.

Ndinathera pa 330i ya 2003, ya zitseko zinayi, giya yosintha pamanja. Injini yake ndi M54B30, ya masilinda asanu ndi limodzi ondandalikidwa mu mzere umodzi, ya malita atatu, yotulutsa 231 PS ndi mphamvu yopotokola ya 300 Nm. Ilibe turbo. Imagwiritsa ntchito tcheni cha timing, choncho nkhani yosintha lamba palibe. Pa pepala imaoneka yotsalira poyerekeza ndi 335i ndi M3 zija, koma zinthu zimene zingawonongeke m'menemo n'zochepa, ndipo makaniko aliyense wodziwa BMW anaimasulapo kambirimbiri.

Tsono kayendedwe kake. Apa ndiye pamene ndalama zanga zimabwerera tsiku lililonse. Injini imeneyi ikamalira pamalo amodzi sungaimve kunjenjemera ngakhale utagwira chiwongolero ndi nsonga za zala. Ukaponda moto mphamvu imabwera mosadumpha, imangokwera bwinobwino kuchokera pansi, ndipo singano yoonetsa kuzungulira kwa injini ikadutsa 4,000 mawu a injini amasintha, amakhala akuthwa, galimoto n'kumakoka mpaka pafupi ndi mzere wofiira. Palibe kudikira kuti turbo idzuke. Chimene phazi lako lapempha ndi chomwe umalandira, ndipo zimenezi zimakupatsa chidaliro pamene ukupitirira galimoto ina pa msewu wa mizere iwiri. Opanga ankati imafika 100 km/h m'masekondi pafupifupi 6.5. Masiku ano galimoto zambiri za banja zimafika pamenepo, ndikudziwa, koma sizikuuza zimene matayala akuchita.

Chiwongolero cha 330i ndi cha hydraulic. Chimalemera pang'ono ukamaimika galimoto pamalo opanikizana, koma ukalowa pokhota umamva m'manja mwako momwe matayala akutsogolo agwirira msewu, umamva pamene phula lasintha, umadziwa pamene akuyamba kutsetsereka asanatsetsereke. Kulemera kwa galimotoyi kunagawidwa pafupifupi mofanana kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye sikugwa mphuno pokhota. Pa msewu wokhotakhota wokwera phiri, uli mu giya yachitatu, sufuna kuti msewuwo uthe. Mvula ikagwa muisamale. Mawilo akumbuyo ndiwo amakankha, ndipo ngati matayala ndi otha kumbuyoko kumafuna kutsogola. DSC, kompyuta yothandiza kuti galimoto isatsetsereke, imathandiza ndithu, ine sindiizimitsa pa msewu wa anthu onse, koma siingalowe m'malo mwa matayala abwino. Pa matayala musaumire.

Chimene ndikufuna kuti amene akuwerenga ndemangayi agwiritse ndi momwe ndinagawira ndalama. Pa zonse zimene ndinali nazo, pafupifupi magawo atatu mwa anayi ndiwo anapita pa kugula. Gawo lotsalalo ndinalisunga dala, ndipo linapita ku galaja galimoto isanayambe n'komwe kuvuta.

Ntchito yoyamba inali ya zoziziritsa injini. Aliyense wodziwa E46 adzakuuzani zomwezi: thanki ya madzi ndi ya pulasitiki, makosi a radiyeta ndi a pulasitiki, ndipo pulasitiki imene yakhala ikutentha ndi kuzizira kwa zaka zoposa 20 imauma n'kuyamba kusweka. Ndinauza makaniko kuti asinthe zonse pakamodzi: thanki, radiyeta, pampu ya madzi, thermostat ndi mapaipi. Atachotsa thanki yakale anandiitana n'kuitembenuza pa kuwala. M'mbali mwake munali mng'alu woonda ngati tsitsi, wotalika ngati chala, ndipo m'mphepete mwa mng'aluwo munali timadontho toyera touma, kusonyeza kuti madzi anali atayamba kale kutulukira pamenepo pang'onopang'ono. Pansi pa galimoto sipankaoneka chonyowa chilichonse. Thanki imeneyo inali itangotha zaka zake, ndipo ikanaphulika tsiku lililonse.

Nkhani ya madziyi ndi yaikulu chifukwa buloko ya injini ya M54 ndi ya aluminiyamu. Ikatentha mopitirira muyeso mutu wa injini umatha kupindika, ndipo mazinga a mabawuti ogwira mutuwo amatha kuzuka mu buloko. Zikafika pamenepo kukonza kumadula mwina kuposa galimoto yonse. Singano yoonetsa kutentha nayo isakupusitseni. Inapangidwa kuti izikhala pakati ngakhale kutentha kukusinthasintha ndithu, ndiye ikayamba kupendekera ku mbali yofiira dziwani kuti zinthu zafika kale patali. Imani pomwepo, zimitsani injini, musanene kuti ndifike kaye kunyumba.

Chachiwiri chimene musagule musanachione chili pansi, kumbuyo. Pa E46 chitsulo cha pansi pa buti, pamene pamamangiriridwa subframe yonyamula mawilo akumbuyo, chimatha kung'aluka, makamaka pa galimoto zimene zinkathamangitsidwa mwankhanza. Simungaone zimenezi mutaima pambali n'kumasirira penti. Galimoto ikwezedwe, dothi lipukutidwe, munthu aunike ndi tochi pamalo onse anayi. Yanga inapezeka yabwinobwino. Ina imene ndinakaona m'mbuyomo, yowala kuposa yangayi, inali ndi mng'alu woonekeratu pafupi ndi bawuti yakumanzere, ndipo ikamanyamuka kumbuyo kunkamveka "gu". Ndinaisiya. Kukonza n'kotheka, amawotcherera timapuleti tolimbitsa, koma zimafuna kutsitsa zonse zakumbuyo, ndipo pa ndalama zochepa imeneyo si ntchito yoyambira.

Zinazo n'zazing'ono koma zimabwera motsatizana. Gasketi ya pa chivundikiro cha mavavu ikauma oyilo amadonthera pa ekizozi, ndipo umamva fungo la oyilo wopsa ukaima pa maloboti. Ya pa nyumba ya fyuluta ya oyilo nayo imadontha ikakalamba. Zonse ziwirizi ndinasintha. Mabushi a mikono yakutsogolo akatha chiwongolero chimanjenjemera ukaponda mabuleki, ndipo ukaika atsopano galimoto imakhala ngati yasintha. Palinso vavu ya DISA pa njira ya mpweya wolowa mu injini, imene kachitseko kake kamagwedera ikakalamba, ndi CCV, vavu yotulutsa nthunzi ya m'kati mwa injini, imene ikatsekeka injini imayamba kudya oyilo. Injini za M54 zimadyako oyilo ndithu ngakhale zili bwino. Imalowa malita 6.5, ndipo ine ndimayenda ndi botolo la lita imodzi mu buti, n'kumayang'ana dipisitiki nthawi zambiri ndikamathira petulo. Ubwino wake masipeya a zinthu zonsezi sasowa, popeza E46 inapangidwa yambirimbiri kuyambira 1998 mpaka 2006, ndipo makampani amene ankapangira BMW zipangizo, monga Lemförder ndi Mahle, amagulitsa zawo pa mtengo wotsikirapo. Masipeya opanda dzina a zoziziritsa injini ndi miyendo ya galimoto ine ndimawakana, ngakhale atatchipa bwanji.

M'kati mwake ndi mwachikale. Mulibe sikirini, mulibe polumikizira foni, mpando wakumbuyo ndi wothina kwa munthu wamtali. Timakina tokweza magalasi a zitseko timadziwika kuti timafa. Koma mpando wa dalaivala unakhala pamalo pake penipeni, mabatani onse amafikirika osachotsa maso pa msewu, ndipo ukayenda ulendo wautali umatsika msana usakupweteka.

Petulo imamwa. Chiwerengero cha opanga chinali pafupifupi malita 9 pa makilomita 100, ndipo pa msewu wautali, ukamayenda modekha, sichili kutali ndi zoona. M'tauni, poima n'kunyamuka, imamwa kuposa pamenepo, ndipo ukamasangalala ndi mawu a injini aja thanki imatsika ukuona. Imafunanso petulo wa octane yokwera. Amene ndalama ya mafuta ya pamwezi imamuvuta kale, GTI ingamukomere kuposa iyi. Funsaninso mtengo wa inshuwalansi musanagule, makamaka ngati ndinu wachinyamata, chifukwa injini ya malita atatu imakweza mtengo.

Pa kasankhidwe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Galimoto imene ndinagula sinali ya makilomita ochepa kuposa zonse zimene ndinaona, ndipo penti ya pa boneti inali ndi timabala ta miyala. Inandikopa ndi envulopu yodzaza malisiti imene mwini wake anatulutsa ndisanapemphe: oyilo ankasinthidwa chaka ndi chaka, kilachi inali itasinthidwa, mabuleki analinso atsopano, ndipo makilomita olembedwa pa malisitiwo ankakwera mogwirizana ndi a pa dashibodi. Ndinapempha kuti ndiipeze injini ili yozizira, isanalizidwe tsiku limenelo, chifukwa injini yotenthetsedwa kale imabisa phokoso ndi utsi. Ndinatsegula chotsekera oyilo kuona ngati mulibe zoterera zoyera, ndinayang'ana mtundu wa madzi, kenako ndinalipira makaniko wanga, amene sadziwana ndi wogulitsa, kuti aikweze n'kuilumikiza ku kompyuta yowerenga zolakwika. Wogulitsa wokana zimenezi musalimbane naye, ingopitani. Ndimapewanso galimoto zotsitsidwa kwambiri, za ekizozi yaphokoso ndi mawilo aakulu mopitirira, chifukwa kawirikawiri ndalama za mwini wake zinathera pa zooneka, sevisi n'kumadumphidwa.

Musaiwale nambala ya VIN, nambala ya chasisi imene galimoto iliyonse ili ndi yakeyake. E46 ili m'gulu la galimoto zimene zinaitanidwa kuti zikasinthidwe ma airbag opangidwa ndi Takata, amene amatha kuphulika n'kumwaza tizitsulo. Fufuzani ndi nambalayo kwa wogulitsa wovomerezeka wa BMW ngati ntchitoyo inachitika pa galimoto imene mukufunayo. Dziwaninso kuti chitetezo cha galimoto ya zaka zimenezo sichingafanane ndi cha zatsopano, ndiye ngati mumanyamula ana tsiku lililonse ganizirani bwino.

Ndingailimbikitse kwa munthu wokonda kuyendetsa, amene ali ndi makaniko womudalira kapena amagwira yekha sipanala, ndiponso amene angasiye ndalama ina pambali atagula. Kwa wofuna galimoto yongothira mafuta n'kuiwala, iyi si yake. Yanga chigwirireni ntchito ya zoziziritsa injini sinandisiyepo panjira. Zimene zatsala pa mndandanda wanga ndi mabushi akumbuyo ndi timphira ta m'kati mwa VANOS, timene tikauma injini imafooka pang'ono singano ikakhala pansi pa 3,000. Makaniko wati tichite zonse ziwiri pa sevisi ikubwerayi.