Tachotsa ma louvre n'kuika mawindo a aluminiyamu: nyenyezi 4 pa 5, koma musaike sliding nyumba yonse

Kwa amene alibe nthawi yowerenga zonse, chigamulo changa ndi nyenyezi 4 pa 5. Mawindo a aluminiyamu ndi abwino ndithu, ndalama zathu sizinalowe m'madzi, tadutsa nawo dzinja, chisanu cha Juni komanso kutentha kwa Okutobala ndiye ndikulankhula zomwe ndaona osati zongomva. Koma chonde abale anga musalole kuti munthu akuikireni ma sliding, mawindo aja otsegula chokokera chammbali, nyumba yonse chifukwa choti ndi amene ali m'fasho, chipinda chilichonse chimafuna windo lakelake ndipo nkhani yaikulu ndi mpweya.

Nyumba yathu ili ku Nkolokosa kuno ku Blantyre, ndi zija zakalekale za ma louvre, timagalasi tosanjikizana totsegula ndi kachitsulo ka m'mbali. Amene munakulira ku Chitawira, Kanjedza kapena Soche East mukuwadziwa bwino. Athuwo anali atatopa zenizeni, tizitsulo togwira magalasi tinali titadyeka ndi dzimbiri moti ukati utseke kagalasi kena kamangopulumuka n'kusweka pansi, kena sikamatsekeka n'komwe kamangokhala kukamwa yasa chaka chonse. Fumbi la Seputembala limalowa mpaka m'mbale za mu kabati, chiperoni ikabwera mu Juni ndi Julayi ana amagona ndi majuzi awiri. Ndipo aliyense amadziwa kuti wakuba safunika kuswa louvre, amangopinda kachitsulo n'kusolola galasi mwakachetechete inu muli mtulo. Mvula ya Freddy ija mu Malichi 2023 ndi imene inatimaliza maganizo, imabwera chammbali masiku otsatizana osapuma ife tikutseka mipata ndi nsanza ndi mapepala a pulasitiki. Sindikudandaula ayi, anzathu ku Chilobwe ndi m'munsi mwa phiri la Soche anataya abale awo ndi nyumba zomwe, zathuzi zinali zazing'ono, kungoti ndi pomwe ine ndi bambo a ana tinagwirizana kuti mawindo asinthidwe basi.

Komabe louvre ndisamunyoze kwambiri. Pa nkhani ya mpweya palibe windo lomuposa, ukatsegula pafupifupi bowo lonse limalowetsa mphepo, ndipo amene anamanga nyumba zimenezi ankadziwa chomwe akuchita. Mfundo imeneyi muisunge chifukwa ndi imene ambiri amaiwala akaona aluminiyamu akunyezimira pa nyumba ya neba.

Tinali ndi njira zitatu. Mafelemu achitsulo a anyamata owotcherera m'mbali mwa msewu ndi otchipa kwambiri ndipo amabwera ndi ma burglar bar ake kale, koma amafuna penti pafupipafupi apo ayi dzimbiri liyamba m'munsi momwe madzi amakhala, komanso putty wogwira galasi amauma n'kuyamba kugwa. Amatabwa ndi okongola koma kwathu kuno chiswe sichigona, komanso thabwa losauma bwino limatupa dzinja windo n'kukana kutseka. Aluminiyamu sachita dzimbiri, safuna penti, galasi limagwidwa ndi labala osati putty, vuto lake ndi mtengo. Kotesheni yathu inali pafupifupi kawiri poyerekeza ndi ya owotcherera, ma burglar bar osawerengera. Zipangizo zake ndi magalasi zimachokera kunja ndiye mtengo umayenda ndi dola, ndalama ya kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo inadumpha koopsa, ndipo mpaka pano akakupatsani kotesheni amakuuziranitu kuti igwira ntchito masiku ochepa okha. Ndiye musapite kukafunsa mtengo ndalama zisanakwane, mudzangokhumudwa pobwerera.

Tinasankha kampani ina ya ku Limbe, dzina sinditchula chifukwa ndili ndi zoyamikira komanso zodandaula. Achimwene amene anabwera kudzayeza anali aulemu, koma atangolowa anati amayi apa tingoika sliding ponseponse, ndi amene aliyense akuika panopa, nyumba idzaoneka ya makono. Mwamwayi tsiku limenelo kunali malume a bambo a ana, mmisiri womanga wakale amene anapuma ntchito, ndipo anangowafunsa funso limodzi: mwana wanga, sliding wakoyo ukamutsegula mpaka kumapeto, bowo lotseguka ndi lalikulu bwanji? Yankho ndi theka basi. Galasi limodzi limangopita kumbuyo kwa linzake, ndiye windo la mamita 2 mpweya umalowera pa mita imodzi, ndipo mukaikapo neti ya udzudzu umachepanso. Kuchoka pa louvre kupita pa sliding ndiye kuti mwataya pafupifupi theka la mpweya wa m'chipinda, tsopano taganizani Okutobala usiku magetsi azima fani sikuzungulira, denga la malata latentha tsiku lonse. Apongozi a mchemwali wanga ku Machinjiri anaika ma sliding okhaokha ndipo chilimwe amagona chitseko cha kuchipinda chili chotsegula.

Ndiye tinasakaniza. Pabalaza sliding wamkulu, m'zipinda zogona otsegula chokankhira kunja ngati chitseko, kukhitchini ndi kubafa a top hung, aja ogwidwa kumwamba amene mumakankha m'munsi mwake. Mtundu wa felemu ndi umodzi, wa bronze, moti ukaima panja sizioneka zosokonekera.

Sliding wa pabalaza ndimamukonda, ndisaname. Kuwala kumalowa kwambiri, makatani sakodwa paliponse, pakhonde anthu amadutsa osagunda mutu pa windo lotsegula. Phokoso la ma minibasi ndi ma kabaza a njinga zamoto linachepa moti tsiku loyamba ndinadabwa kuti wailesi ikumveka chonchi. Fumbi nalo linachepa kwambiri m'nyumba, koma silinathe, linangosamukira mu kanjanji ka pansi momwe timawilo timayenda. Mukapanda kutsuka sabata ziwiri zitatu nthawi ya fumbi mumva windo likulira khwee khwee ndi kulemera pokoka, ndipo mukamalikakamiza mukupha timawilo. Ine ndimagwiritsa ntchito mswachi wakale ndi kansanza konyowa, girisi kapena mafuta ophikira musaikemo chifukwa amakoka fumbi n'kupanga phala.

Pano ndiye pali dandaulo langa lalikulu. Mvula yoyamba yamphamvu itagwa, madzi anadzaza mu kanjanji kaja mpaka kusefukira mkati, kutsika ndi khoma kufika kuseri kwa sofa, penti yatsopano n'kutupa. Ndinaimba foni, anati abwera mawa, mawa lake linatenga nthawi yaitali ndikuimba mpaka kutopa. Atabwera mnyamata wina wamkuluko anagwada panja n'kuyang'ana m'munsi mwa felemu, kenaka anatenga kawaya n'kuyamba kutokosa. Kunja kwa felemu ya sliding kumakhala timabowo ting'onoting'ono totulutsira madzi a mvula amene agwera mu kanjanji, ndiye amene anaika windo anapaka silikoni mzere wonse mpaka kutseka timabowo tonse, mwina poganiza kuti akutithandiza. Atangochotsa silikoniyo madzi akuda anatuluka chuu kutsikira panja, ndipo kuchokera tsiku limenelo ngakhale mvula ya mkuntho sinalowenso. Ndiye inu akamaliza kuika, tengani botolo la madzi muthire mu kanjanji iwo ali pomwepo, muone ngati akutulukira panja. Muonenso kuti simenti ya pansi pa windo kunjako yapendekera kunja osati mkati. Penti anatipentera okha titakangana pang'ono, koma nyenyezi imodzi ija yapita chifukwa cha zimenezi ndi kuchedwa kuyankha.

A kuchipinda okankhira kunja ndi amene ndimawayamikira kuposa onse. Amatseguka bowo lonse, komanso galasi likaima chotseguka limakola mphepo yodutsa m'mbali mwa khoma n'kuilowetsa mkati, chomwe sliding sangachite. Ukatseka chogwirira chimakanikiza galasi pa labala mwamphamvu moti chisanu cha chaka chino ana anagona ndi bulangete limodzi. Ali ndi tizitsulo tolimba m'mwamba ndi m'munsi togwira windo pamalo pomwe mwalisiya, mphepo siilimenyetsa, koma muonetsetse kuti akuikirani tizitsulo tokhuthala chifukwa tilipo tina topepuka timene timafooka msanga windo n'kuyamba kulendewera. Chovuta chake ndi ichi: poti amatsegukira kunja, ma burglar bar ayenera kukhala mkati, neti ya udzudzu nayonso mkati, ndiye kuti mutsegule windo muyambe mwatsegula neti kenaka mulowetse dzanja pakati pa zitsulo. Munthu umazolowera koma kwa agogo kapena mwana wamng'ono ndi ntchito. Ndipo ngati windo layang'ana kanjira kopapatiza pakati pa nyumba ndi mpanda, pamenepo sliding ndiye woyenera, wina adzavulala pamphumi usiku.

Top hung kukhitchini ndi kubafa palibe zambiri zonena, amagwira ntchito. Mvula ikugwa mumawasiya otsegula pang'ono madzi amangotsetsereka pa galasi kugwera panja, nthunzi ndi fungo la nsomba zikutuluka. Magetsi akazima tikalowetsa mbaula pakhomo la khitchini windo limenelo limakhala lotsegula nthawi zonse, utsi wa makala m'nyumba yotsekeka bwino ngati imeneyi ndi woopsa kuposa kale chifukwa mipata ija ya louvre yomwe inkatulutsa mpweya woipa ife osadziwa kulibenso. Kubafa tinaika galasi losaonekera mkati, nkhungu ya kudenga inachepa.

Za magalasi, anatipatsa kusankha pakati pa 4mm, 5mm ndi 6mm. Tinatenga 5mm m'zipinda ndi 6mm pa windo lalikulu la pabalaza chifukwa galasi lopyapyala likakhala lalikulu limanjenjemera kukachita mphepo. Funsani makulidwe ndipo alembe pa kotesheni, tsiku lobweretsa muone nokha m'mphepete mwa galasi asanaliike mu felemu, likalowa simungadziwenso. Anatikopanso ndi magalasi aja onyezimira oti wapanja amangodziona yekha. Masana n'zoona saona mkati, koma usiku mukayatsa getsi zimatembenuka, wapanja amaona zonse inu osamuona, ndiye makatani mudzagulabe. Ife tinaika a tinted pang'ono pabalaza pokha poti payang'ana kumadzulo ndipo dzuwa la masana limawomba pa TV, kwina konse oyera, sindinafune nyumba yamdima yoyatsa magetsi masana mayunitsi akudula chonchi. M'mawa wa chisanu magalasi amachita thukuta mkati, si kudontha ayi, ndi mpweya wofunda wa m'chipinda ukakumana ndi galasi lozizira, mungopukuta n'kutsegula pang'ono.

Tsiku loika konzekani, ndi chipwirikiti. Mafelemu akale anali ndi tizitsulo tolowa mkati mwa khoma ndiye pochotsa anagumula pulasitala m'mbali monse, njerwa zina n'kusweka, fumbi nyumba yonse. Kotesheni yawo inali ya mawindo ndi kuika basi, kukonza khoma, simenti, mchenga ndi penti zinali zathu, izi anatiuza mochedwa ndipo ndi ndalama yooneka ndithu, mufunsiretu. Chinanso nyumba zakale mabowo ake sakhala owongoka, la kuchipinda kwa anyamata kumwamba linali lalikulu kuposa kumunsi, iwo anayeza malo amodzi okha ndiye windo linabwera losalowa, anabwerera nalo kukalidula ife n'kugona usiku angapo titakhoma pulayiwudi. Woyeza aziyeza m'mwamba, pakati ndi m'munsi, m'litali chimodzimodzi, muime naye pomwepo tepi ili m'manja. Ndipo ntchito imeneyi ndi ya pakati pa Meyi ndi Okutobala, Novembala akafika mvula ingakupezeni khoma lili pululu.

Pa chitetezo musanamizidwe, aluminiyamu ndi chitsulo chofewa ndipo kaloko ka sliding ndi kang'ono, munthu wa chitsulo chopanira akhoza kulinyamula galasi lonse kulichotsa mu kanjanji. Ma burglar bar ndi ofunikabe, ife anatipangira owotcherera wa kwathu konkuno ndipo tinawapaka penti yoteteza dzimbiri asanawaike. Malume aja anaumirira kuti chipinda chimodzi chikhale ndi burglar bar yotseguka ya loko, kiyi wake azikhala pamalo podziwika ndi aliyense m'nyumba, kuti moto utabuka kutsogolo anthu akhale ndi potulukira. Pa sliding wa pabalaza usiku timagoneka kathabwa mu kanjanji kuti ngakhale loko atathyoledwa galasi lisayende.

Dipoziti anafuna yoposa theka kuti agule zipangizo, zimenezo n'zomveka, koma yotsalayo musamalize kulipira musanayese windo lililonse, kutsegula, kutseka, kukiya, kuthira madzi. Lisiti ndi pepala la galanti musunge, ndi zimene zinawabweretsa pa nkhani ya silikoni ija. Neti zawo zokha ndiye sindikulimbikitsani, ndi zopyapyala kwambiri, ya pabalaza mphaka anaing'amba mwezi woyamba ndipo ya kuchipinda kwathu yayamba kutuluka mu labala wake pakona. Ndawauza kuti asinthe aike yolimba ya waya mvula isanayambe chifukwa udzudzu wa Disembala ukangopeza kampata kamodzi malungo alowa m'nyumba, ndipo akuti mtengo wake ndi wapadera, tikukambiranabe.