Nsapato za kaunjika za pa Dedza boma zomwe zinandifikitsa makilomita 21

Anthu angapo akhala akundifunsa za nsapato zomwe ndinathamangira half marathon ija, mpikisano wothamanga makilomita 21 wa ku Lilongwe uja, ena mpaka akuganiza kuti ndinaitanitsa ku Joni, ayi ndithu, ndi za kaunjika, ndinagula pa msika wa pa boma pompano kwa achimwene ena ake amene amayala nsapato zokhazokha chakumapeto kwa mzere wa zovala. Dzina lawo sinditchula poti sindinawapemphe. Koma ndilembe zonse, zomwe zinandisangalatsa ndi pomwe zinandivuta, kuti amene akufuna kuyamba kuthamanga asataye ndalama.

Ndisanagule izizi ndinkathamangira tinsapato tina tansalu taphwatalala tija, ndikangokwana makilomita 5 misongolo imawawa ngati wina wandimenya ndi chikuni, ndipo misewu yathu ino mukuidziwa, miyala, zitunda, fumbi. Ndiye tsiku lina mu May ndinapita kumsika kuja, maso anga anagwa pa ina yoyera yokongola kwambiri, ndinali nditainyamula kale. Achimwenewo anangondifunsa kuti, "Achemwali, mukufuna zotchena kapena zothamangira?" Nditawauza kuti ndikukonzekera mpikisano wa makilomita 21 anandilanda nsapato ija m'manja n'kuitembenuza, akuti taonani kuchidendene kuno, yadyeka mbali imodzi, kenako anadina ndi chala pa siponji ya pakati ija n'kundionetsa makwinya, akuti iyi inafa kale, mwini wake anaithera mtunda, muvutika nayo mawondo. Wamalonda kukana kukugulitsa chinthu chomwe wachikonda wekha, ine ndinali ndisanazionepo pa kaunjika.

Anandisankhira ina yotuwa, yosaoneka bwino kwenikweni, koma soli yake mano onse ali pompo. Anaipinda, yapindika kutsogolo kokha komwe zala zimapindikira, anaipotokola ngati akufinya chovala, yakana. Kenako anatulutsa kansalu kam'kati kaja n'kundiuza ndiponde nditaimirira, kuti pakati pa chala changa chachitali ndi kumapeto pazitsala mpata wa chala chachikulu cha kudzanja. Ine ndimavala sayizi 7, iwo anakakamira 8, ati phazi limatupa ukathamanga mtunda wautali. Ndinakangana nawo pang'ono poti ndimaona ngati ndavala bwato, koma pamenepa ndi pomwe anandipulumutsa, mumva kutsogoloku.

Mtengo anayambira K45,000 tinagwirizana K38,000. Si yochepa, ndikudziwa, kaunjika anasiya kukhala wa amphawi chigwetsereni kwacha ndi 44% mu November 2023, koma zatsopano za mtundu umenewu m'mashopu a ku Lilongwe ukamva mtengo umayamba kuwerengera matumba a feteleza.

Ndinakonzekera masabata 14, katatu pa sabata, Loweruka ndiye la mtunda wautali, ndinayambira makilomita 8 n'kumaonjezera pang'onopang'ono mpaka 18. Tsono amene simunakhaleko ku Dedza mu June ndi July simungamvetse, tauni ino ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ma 5 koloko m'mawa kumakhala nkhungu yoti munthu ali patsogolo pako sumuona, zala zimauma osatha kumanga zingwe za nsapato, bulangete limakukoka, mumtima umati mawa ndidzayamba. Ndinkavala masokosi akale m'manja n'kutuluka basi. Masiku ena ndimatsata M1 kulowera ku Bembeke, ndipo pamenepo chonde muzithamangira mbali yomwe magalimoto akubwera mukuwaona, matiraki aja sasewera. Masiku ena ndimalowa msewu wa m'mapaini wokwera phiri la Dedza, pamwamba penipeni pa mamita 2,198 sindinafikepo ndikuthamanga, ndimabwerera panjira, koma chikweza chimenecho ndi chomwe chinandipatsa mphamvu m'miyendo. Pa miyala ndi pa fumbi nsapatoyi imagwira bwino zedi, miyala sumaimva kuphazi, ndipo misongolo ija inasiya kuwawa pofika sabata yachitatu. Pomwe imaterera ndi pa masamba a paini akanyowa ndi mame, potsetsereka ndinaphunzira kufupikitsa mapazi.

Vuto linabwera sabata ya 9. Soli ya kumanzere inayamba kuyasama kutsogolo, guluu watha mphamvu, ndipo izi ndi zomwe kaunjika amachita, sudziwa kuti nsapato yakhala zaka zingati mu belo kapena m'kabati mwa mwini wake woyamba. Ndinabwerera nayo mtima uli m'mwamba poti risiti kulibe, kubweza kulibe. Achimwene aja sanatsutse, anatuma mnyamata kwa wosoka nsapato n'kulipira okha. Pamenepo ndinawayamikira. Koma wosokayo anadutsitsa ulusi m'kati, mfundo yake inakhala ndendende pansi pa chala, Loweruka limenelo ndinabwerako ndi thuza lalikulu, linaphulika ndili pa kilomita ya 11 ndipo ndinabwerera kunyumba pa kabaza. Ndiye mukamakonzetsa nsapato yothamangira muziwauza amate ndi guluu yekha, kapena asokere kunja, ndipo mupisemo dzanja musanachoke. Ine ndinakadulitsa mfundoyo n'kumatapo pulasitala.

Sabata yomweyo kumudzi kunagwa maliro, ndinakhala masiku khumi osathamanga, nditabwerako thupi linali ngati si langa, makilomita 4 okha wefuwefu, ndinaima pambali pa msewu misozi ili m'maso, ndikuganiza kuti miyezi iwiri yonse yapita pachabe, ndalama yolembetsera mpikisano nayo yapita. Anthu ena m'mudzi anali akunena kale kuti mzimayi wamkulu kumathamanga m'bandakucha akuthawa chani, mawu amenewo amabwera m'mutu nthawi ngati imeneyo. Mawa lake ndinatulukanso. Ndinkathamanga mphindi 5, kuyenda imodzi, choncho choncho, sabata iwiri zitatha miyendo inakumbukira. Ndinasiyanso masokosi a thonje, amasunga thukuta ndipo ndi omwe amakulitsa matuza, ndinapeza opyapyala a nayiloni pa kaunjika pomwepo, ndi vaselini pang'ono pakati pa zala, thuza silinabwerenso. Makilomita 18 ndinawakwanitsa kutatsala masabata awiri, kenako ndinachepetsa mtunda kuti thupi lipume.

Mpikisano unali ku Lilongwe. Kupuma kunali kosavuta, munthu wochokera kuno ukatsikira kumeneko chifuwa chimatseguka, koma kutentha ndi kumene sindinazolowere, ine wa nkhungu. Makilomita 10 oyamba ndinadutsa bwino mwina mothamanga kwambiri chifukwa cha chigulu, pofika 15 miyendo yalemera, ndipo apa ndinene zoona za nsapatoyi, pa phula lokhalokha siponji ija inayamba kumveka ngati yaphwa, kupazi kumatentha ngati ndaponda phulusa la moto. Odziwa amati nsapato yothamangira imatha mphamvu ikayenda makilomita 500 mpaka 800, tsono yanga inabwera itayenda kale kwina, ineyo n'kuonjezerapo miyezi itatu ya miyala ya Dedza, sindikanayembekezera zambiri. Pa kilomita ya 17 ndinayenda pansi pomwe amapereka madzi, bambo ena achikulire amene tinkapitirirana njira yonse anandiuza kuti, "Mayi, tiyeni, zatsala zinayi basi," ndinataya kapu n'kuwatsatira. Zinayi zimenezo ndinkawerenga mapolo a magetsi, ndifike apo, ndifike apo. Half marathon ndi makilomita 21.1 osati 21, ndipo kamtunda kakang'ono komalizira kaja ndi komwe ndinakamva kutalika kuposa konse. Ndinamaliza mu maola 2 ndi mphindi 24.

Nditavula nsapato zala zonse zinali bwinobwino, chikhadabo ngakhale chimodzi chosada. Mnzanga amene tinapitira limodzi anavala zatsopano zogula sabata yomweyo, sayizi yake yeniyeni yothina, anamaliza nayenso koma chikhadabo cha chala chachikulu chinada bii, patapita masabata chinachoka. Sayizi 8 ija yomwe ndinkakana ndi imeneyo.

Amene mukufuna kupitako, pitani masana phazi litatupa kale, mutenge masokosi omwe muzithamangira, koma funsaninso tsiku lomwe atsegule belo, tsiku limenelo mulawirire chifukwa zabwino zimatha m'mawa womwewo, makamaka masayizi a azimayi amakhala ochepa, mukhoza kupita kawiri katatu osapeza. Musayembekezere kuti nsapato imeneyi ikutengerani mipikisano iwiri. Yangayi pano ndikungoyendera popita kudimba.

Mendulo ndinapita nayo kumsika kukawaonetsa achimwene aja, anaigwira nthawi yaitali n'kuitana anzawo a mabenchi oyandikana kuti adzaone, kenako anandifunsa ngati chaka chamawa ndithamanganso. Ndinavomera. Akuti belo lina likatsegulidwa andisungira sayizi 8, ndawauza kuti ulendo uno ikhale ya siponji yokhuthala chifukwa cha phula.