Jezi pathupi la munthu wamkulu: orijino, ya ku China, ya pa kaunjika kapena ya timu ya kwathu?

Nkhaniyi anaiyambitsa ndi malume anga. Loweruka lina ndinapita kukawazonda nditavala jezi ya Arsenal, anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi, kenako anandiuza kuti nditembenuke. Atawerenga kumsana anangoti, "Inu bambo wa ana atatu, dzina la mwana wa eni mwaberekalo ndi la chiyani?" Kumsanako kunali Saka, nambala 7, mnyamata wobadwa 2001 pomwe ine ndinali nditalemba kale JCE. Ndinasowa choyankha. Koma chondiseketsa n'choti eni akewo pofunsapo anali atavala tisheti ya chipani yokhala ndi nkhope ya mtsogoleri pachifuwa ponse, mpaka kapu yomwe kkkk.

Nde ine zoti munthu wamkulu asamavale jezi sindigwirizana nazo, ndinene poyambirira. Kwathu kuno akuluakulu timavala mtundu wa gulu lathu tsiku ndi tsiku, amayi a Mvano ali ndi yunifomu yawo, a kwaya yawo, nsalu za zipani zili mbwee, pa chinkhoswe banja lonse limasoketsa nsalu imodzi ndipo palibe amati ndi zachibwana. Nelson Mandela anavala jezi ya Springboks, timu ya rugby ya South Africa, nambala 6 pa fainolo ya rugby mu 1995 ali ndi zaka 76, ndani anamunena kuti wachita za ana? Komabe amene amati jezi ndi za ana sakuyankhulira m'mutu chabe ayi. Pomwe kampani ya Admiral inayamba kugulitsa ma jezi a Leeds United kwa anthu wamba cha m'ma 1973, inkasokera ana, azibambo ku England ankapita ku mpira atavala majekete ndi sikafu basi. Masaizi a akuluakulu anadzafala pambuyo pake, ndipo zolemba mayina a osewera kumsana mu Premier League zinayamba mu sizoni ya 1993/94. Ndiye maganizo a malumewo ali ndi kochokera. Funso lenileni kwa ine ndi loti jezi yake iti, chifukwa sizifanana, ina imakupatsa ulemu ina imakuyalutsa.

Tiyambe ndi orijino, ndipo apa ambiri timasokoneza. Orijino zilipo ziwiri. Pali yomwe amavala osewera m'bwalo, ndiye pali ya masapota yomwe ndi ya kampani yomweyo, Nike kaya adidas kaya Puma, koma yosokedwa motakasuka. Ya osewerayo nsalu yake ndi yopyapyala, yopepuka ngati pepala, baji yake amachita kumata ndi moto kuti isamakhule pachifuwa munthu akamathamanga, ndipo anaisokera thupi la munthu amene amathamanga makilomita 10 pa gemu imodzi. Inuyo ndi ine amene timadya nsima ya kapado usiku n'kukagona, jezi imeneyi imaulula chilichonse, mimba imatsogola ngati mwameza mpira womwewo, mchombo kuonekera ngati batani. Ya masapota baji yake nthawi zambiri ndi yopeta ndi ulusi, nsalu yolimbako, imapirira kuchapa ndipo imakhululukira kamimba. Pa mtengo, jezi ya England ya 2024 ija inali £84.99 ya masapota ndi £124.99 ya osewera, moti ngakhale azungu eni ake anadandaula. Tsono sinthani ndalama imeneyo mu kwacha yathu imene inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, muone ngati simupeza kuti mwavala matumba a feteleza pathupi. Pa ziwirizi, ngati muli ndi m'bale ku Joni kapena ku UK amene akufunsa kuti ndikutumizireni iti, nenani ya masapota, saizi imodzi pamwamba pa imene mumadzinamiza kuti ndi yanu. Ya osewera asiyireni anyamata a ku jimu.

Kenako pali imene tavala ambirife, tisanamizane, ya ku China ija yopachikidwa pa hang'ala mu Limbe, ku Tsoka ku Lilongwe, mu msika wa Mzuzu, ena amayenda nazo pamanja m'ma depoti. Sizoni isanayambe n'komwe iyo yafika kale, nthawi zina timu isanalengeze n'komwe. Ubwino wake ndi mtengo ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi, mu shoo ya mpira anthu 50 onse avala zomwezo ndiye akusekeni ndani. Nazonso zili ndi magiredi, pali ina yoti mpaka uchite kuyang'ana kalebulo ka mkati kuti udziwe, ndiye pali ina yoti mfuti ya Arsenal yaloza kolakwika, mkango wa Chelsea ukuoneka ngati galu wa njala. Mavuto ake aakulu ndi awiri. Choyamba nsalu, ambiri mwa ma jezi amenewa sapuma, mu October dzuwa la ku Nsanje kaya la mu minibasi ya ku Ndirande mumakhala ngati mwavala jumbo, ndipo fungo la thukuta likalowamo silituluka olo muchape ndi sopo wanji. Chachiwiri zomata, manambala ndi dzina la sponsa zimayamba kusweka mukangochapa kangapo, makamaka akazichapa mopikicha pamwala kapena mwana wa ntchito akadutsitsapo simbi yamakala. Munthu wamkulu mu jezi yosendeka zilembo ndi amene amaoneka wosalongosoka, si jeziyo ayi koma kusendekako. Mukagula yotere muzichapa mutaitembenuza, madzi ozizira, kuyanika pamthunzi, simbi isayandikire.

Ine mtima wanga uli pa yachitatu, ya pa kaunjika. Apa ndiye pali chuma chomwe anthu amachiponda osadziwa. Belo ikatsegulidwa m'mawa, kaya ku DAPP tsiku loika katundu watsopano, mumatha kutola jezi ya orijino yeniyeni imene mzungu wina anaitaya chifukwa yamuthina, pa mtengo wa tisheti wamba. Ndipo jezi zakale zimanena zaka zake zokha kudzera pa sponsa wa pachifuwa. Mukaona Manchester United yolembedwa Sharp dziwani kuti ndi ya pakati pa 1982 ndi 2000, Vodafone inabwera pambuyo pake, kenako AIG nthawi ya Ronaldo ndi Tevez. Liverpool ya Carlsberg ndi ya 1992 mpaka 2010, muli fainolo ya Champions League ya ku Istanbul ya 2005 imene anawina ija mmenemo. Arsenal ya JVC ndi ya nthawi ya Ian Wright, ya O2 ndi ya anyamata aja osagonja a 2003/04. Chelsea ya Samsung ndi ya Drogba. Ndiye taganizani bambo wa zaka 45 atavala Arsenal ya O2, ameneyo sakunamizira unyamata, akungonena kuti ine Henry ndinamuonera ndi maso angawa pa TV ya chogo mu shoo yolipira makobidi, inu munali musanabadwe. Jezi yakale imagwirizana ndi imvi, ndiye kusiyana kwake ndi yatsopano kumeneko. Komanso kasokedwe ka zaka za m'ma 90 kanali kotaya, kokhala ndi kolala zina, moti mutha kuivala ndi jinzi ndi nsapato zabwino n'kukalowa pamalo osaoneka ngati mukupita kukasewera. Kunja anthu akuzigula modula kwambiri jezi zimenezi masiku ano, ndipo mavenda ena a mtauni azindikira, akumazisankhiratu belo isanafike pansi, nde muzilawira.

Kuipa kwa kaunjika n'koti simusankha. Mumafuna Liverpool mupeza timu ya divishoni yachitatu ya ku Germany imene simungathe kutchula dzina lake, saizi XXXL. Ndiye pali anthu ena amangovala bola yakwana, munthu wavala Tottenham koma akukuwa kuti Arsenal yamoto, ameneyu ndiye amafunika kumukhazika pansi. Muyang'anenso kukhwapa ndi pakhosi musanalipire.

Pano ndifike pa imene malume sakanatha kutsutsa, jezi ya kwathu. Yofiira ya Maule (Bullets), yabuluu ya Manoma (Wanderers), ya mtambo ya ma Banker a ku Area 47 (Silver Strikers), kapena ya Flames. Matimu athu akuluakulu masiku ano akumagulitsa ma jezi awo, ndipo mukagula kwa eni timu ndalamayo imathandiza anyamata omwe mumawatukwana Lamlungu lililonse kuti sakuthamanga aja, pomwe ya Arsenal ya mu Limbe ija ku London sikufika olo tambala. Pa nkhani ya msinkhu apa palibenso mtsutso, pitani pa Kamuzu Stadium tsiku la derby mukaone madala a imvi mbuu atavala zofiira, anthu oti timuyi anayamba kuisapota ikutchedwa Bata Bullets, anaona Kinnah Phiri akugoletsa, anadzaonanso Bakili Bullets ikufika mu magulu a CAF Champions League mu 2004. Mbali inayo madala a Noma amene amakuwerengerani mayina onse, Yamaha, Limbe Leaf, MTL, Be Forward, mpaka Mukuru. Ukawauza amenewo kuti jezi ndi ya ana ukhoza kutuluka pa geti usanaone hafu taimu. Ndipo kwa amene ali kunja, jezi ya Flames ndi chiphaso, mukavala mu Johannesburg kaya mu Leeds simuyenda mtunda wautali wina asanakuitaneni kuti achimwene, za kumudzi. Chigoli cha Gabadinho Mhango chomwe anagoletsa Morocco ali kutali kuja ku Cameroon mu January 2022, ngakhale tinaluza 2-1, chinapangitsa anthu ambiri kufunafuna jezi yofiirayo amene kale ankaiona ngati ya tsoka. Azimayinso pano ali ndi chifukwa chawo, Tabitha ndi Temwa Chawinga atimveketsa kunja kuposa amuna onse, Temwa mpaka kukhala wosewera wapamwamba wa ligi ya ku America mu 2024.

Ma jezi akwathuwa ali ndi zovuta zake, sindibisa. Sapezeka paliponse, wa ku Chitipa kaya ku Mchinji mpaka atume munthu, masaizi aakulu amatha msanga, ndipo akangosintha sponsa jezi yanu yasanduka yakale. Chinanso ndi mtundu. Yabuluu pakati pa Maule musayerekeze, neba sachedwa kupsa mtima akaluza. Komanso nthawi ya kampeni mitundu imasintha tanthauzo, buluu amati ndinu a DPP, yofiira ena akuti UTM ena MCP, yachikasu ya Brazil mwasanduka a UDF, inu mukungopita kukagula matemba.

Za dzina kumsana ndiye ndagonja, malume analondola pang'ono. Si nkhani ya ulemu yokha, ndi nkhani ya ndalama. Wosewera ndi waganyu, lero ali pano mawa wapita. Amene anadinditsa Torres 9 pa Liverpool analira mu January 2011 atapita ku Chelsea pa £50 miliyoni, ena mpaka kuwotcha ma jezi. A Arsenal tinalumidwa kawiri, van Persie mu 2012 ndi Alexis Sánchez mu 2018, onse kupita ku Man U, jezi kusanduka chokolopera. Ngati mukufunadi dzina, ikani la munthu woti anapuma kale sangakuchititseninso manyazi, Henry 14, Gerrard 8, Drogba 11, kapena musiye kumsana kopanda kanthu. Zodinda dzina lanu lomwe ndi nambala 10 pomwe mpira munasiya ku pulayimale ndiye kaya, ndalama ndi zanu. Muonenso cholembedwa kutsogolo, ma jezi ambiri a masiku ano ali ndi makampani a beting'i pachifuwa, moti matimu a Premier League anagwirizana zowachotsa kutsogolo kwa jezi kuyambira sizoni ya 2026/27. Mkulu wa mpingo kumayenda akutsatsa juga pamtima, nkhani yake ikafika ku seshoni musati sindinanene.

Kumalo ovalira ndiye sindichulutsa, aliyense amadziwa. Ku stediyamu, ku shoo, ku bawa, pa braai, Loweruka mtauni, ku ofesi Lachisanu ngati abwana ndi omasuka, zonsezi bho. Kumaliro ayi, olo adzukulu okumba manda amavala koma iwo ali pa ntchito, inu mwabwera kudzakhuza. Kokaonekera kwa apongozi ayi, ku intavyu ayi, ku tchalitchi mwina pa tsiku la masewero a achinyamata. Ndipo jezi yokha basi, osati mpaka kabudula wake ndi masokosi ofika m'mawondo ngati kochi akuitanani kuti mulowe.

Jezi ya Saka ija inali ya ku China, ndinaigula kwa mnyamata wina amene analumbira kuti ndi giredi wani. Itachapidwa kachisanu chilembo choyamba chinagwa, kumsana kunangotsala AKA 7. Ndinapitanso nayo kwa malume dala, anandiuzanso kuti nditembenuke, anawerenga, n'kuseka mpaka kutsokomola, amvekere, "Eya, aka ndiye kakukhalani." Pano ndimavala popita kudimba, ndipo ndauza venda wanga wa pa kaunjika kuti akangoona ya O2 saizi XL andiflashe ndisanadye phala.