Filimu yosankha wekha chochitika: ya kamera kapena ya kompyuta?

Anzanga a pa Kamuzu Road kuno ku Salima akhala akundifunsa kuti pa mitundu iwiriyi wabwino ndi uti. Ndayesa yonse, ndiye imvani.

Woyamba amajambula anthu enieni ndi kamera, monga Bandersnatch yomwe Netflix inatulutsa mu Disembala 2018. Nkhani ikafika pamphambano, pansi pa sikirini pamabwera zosankha ziwiri, ndipo uli ndi masekondi 10 okha. Chipangizo chako sichivutika, chimangolumphira ku kachigawo ka vidiyo komwe kalipo kale. Njirayi ndi yakale ndithu: gemu ya Dragon's Lair ya 1983 inkachita zomwezo pa laserdisc, diski yakale yosungira vidiyo, ngakhale ija inali katuni. Vuto lake, nthambi iliyonse ya nkhani iyenera kujambulidwa payokha, azisudzo alipidwe. N'chifukwa chake ukasankha mokhota, kawirikawiri amakubweza mwaulemu kumsewu womwewo. Ndipo ukamaonera pa intaneti, bandulo imatha usanadziwe.

Wachiwiri ndiye umanditenga mtima. Tengani gemu ya Detroit: Become Human ya kampani ya Quantic Dream ya ku Paris, yomwe inatuluka pa PlayStation 4 mu 2018. Azisudzo amavala zothina zokhala ndi timadontho, tina kumaso, makamera ambiri n'kumalemba mmene timadonthoto tikusunthira. Mayendedwe amenewo amawaveka munthu wopangidwa ndi kompyuta. Chithunzi chomwe ukuona sichinasungidwe paliponse, makina akuchipanga nthawi yomweyo, pafupifupi ka 30 pa sekondi. Ndiye ukhoza kuyenda m'chipinda, kutembenuka, kutola kanthu patebulo. Munthu wako akhoza kufa nkhani ili pakati, iyo n'kupitirira popanda iye. Mphwanga anaphetsa wake chifukwa chochedwa kudina batani, anakhala chete mpaka nsima inazizira.

Koma ntchito yonseyo imagwera makina ako. Foni wamba iwalani. Mukufunika PlayStation kapena kompyuta ya graphics card (kachipangizo kopanga zithunzi) yamphamvu, ndipo ndi kutentha kwa Okutobala kuno kunyanja, fani imalira ngati chigayo. Magetsi akathima, basi, mwagona.

Tikakhala gulu madzulo ndimaika ya kamera, chifukwa aliyense amakuwa, “Iwe, usatsegule chitsekocho!” ndipo ngakhale amalume omwe sanagwirepo gemu amatsatira bwinobwino. Ya kompyuta ndimaisungira usiku, kukazizirako, ana atagona.