Space Ritual ya Hawkwind, ndamvera osadumpha nyimbo

Abale okonda rock yachikale, ndagula chimbale cha Space Ritual cha bandi ya Hawkwind ndipo nditangoyika tsiku loyamba ndimaona ngati sipika yanga yapsa kkkk, poti imayamba ndi chiphokoso ngati wailesi yosagwira siteshoni, koma ng'oma za Simon King zikangolowa pa Born to Go basi mwagwidwa, mphindi pafupifupi 10 zimatha inu mutu uli gwedegwede.

Bandiyi inayamba mu 1969 ku Ladbroke Grove mu London, anthu alowa atuluka osawerengeka koma mdala Dave Brock, wobadwa mu 1941, akadali pompo ndi gitala yake. Chimbalechi ndi chapawiri, anachijambula pa mashoo a mu December 1972 ku Liverpool ndi ku Brixton nkuchitulutsa mu 1973.

Koma chandigwira mtima ine ndi besi ya Lemmy. Mkuluyu ankaimenya ngati gitala, ndiye pomwe Dik Mik ndi Del Dettmar akusewera ndi timakina tawo tolira ngati mphepo, Nik Turner naye akuliza sakisafoni mosokonekera dala, Lemmy ndamene wagwira chiwongolero kuti zonse zisabalalike, tamverani Orgone Accumulator mundiuze. Ndiye muganize kuti mu 1975 anamuchotsa atagwidwa ndi mankhwala pa boda ya Canada, iye nkukayambitsa bandi ya Motörhead, dzina lomwelo anangotenga pa nyimbo yomaliza yomwe anawalembera. Anataya munthu apa aaa.

Chondinyansa nchoti Silver Machine mulibe, nyimbo yomwe inafika nambala 3 ku UK mu 1972 komanso ndiyomwe inabweretsa ndalama zoyendetsera mashoo amenewa, ndinafufuza pachikuto kawiri konse osakhulupirira. Ndakatulo za Robert Calvert pakatipakatipo nazo zina zimandigwetsa ulesi, kupatula Sonic Attack yolemba Michael Moorcock, imeneyo ndiye imaopsa zenizeni makamaka usiku magetsi mutazimitsa.

Ngati mungathe pezani ya vinyl chifukwa chikuto chomwe anajambula Barney Bubbles chimatambasuka chachikulu, pa CD tizilembo take ndi timaso-tankhuku. Ndipo chonde musamvere pa sipika ya foni, besi yonse ija imasowa mumangotsala ndi chiphokoso chokhacho, ine ndinayesa ndili kukhitchini ndipo sindinafike nayo pa nyimbo yachitatu.